Maere Otsatira Dongosolo: Mmene Mapulogalamu a Latin Hypercube Amatolera Manambala Oyenderana

Modelo ya pa kompyuta yolosera kusefukira kwa mtsinje imafuna kuti muipatse manambala: mvula yagwa yochuluka bwanji, nthaka inali yonyowa motani mvulayo isanagwe, pansi pa mtsinje ndi pokhakhala bwanji, ndi zina zambiri. Vuto ndi lakuti palibe amene amawadziwa manambala amenewa motsimikiza. Chimene akatswiri amadziwa ndi kagawidwe kake: nambalayo imakonda kugwera pati, ikakwera kwambiri imafika pati, ndipo mwayi woti ifike kumeneko ndi wotani. Ndiye amayendetsa modeloyo kambirimbiri, ulendo uliwonse ndi manambala ena otoledwa mwamaere, n'kuona mmene mayankho akumwazikira.

Njira imeneyi imatchedwa Monte Carlo. Inayambira ku Los Alamos, m'dziko la United States, m'zaka za m'ma 1940, pamene Stanislaw Ulam ndi John von Neumann ankawerengera mmene tinthu totchedwa neutron timayendera mkati mwa zida za nyukiliya. Mu 1949 Ulam ndi Nicholas Metropolis anaifalitsa kuti aliyense aidziwe. Ndi njira yodalirika, koma imadya nthawi. Kuti kuphonya kwa yankho kuchepe ndi theka, maulendo muyenera kuwawirikiza kanayi. Kuti kuchepe kakhumi, muwawirikiza ka 100. Modelo ikakhala yomaliza m'kuphethira kwa diso palibe chodandaula. Koma alipo mamodelo amene ulendo umodzi wokha umatenga maola 6, ndipo maulendo 10,000 a modelo yotere pa kompyuta imodzi ndi zaka pafupifupi 7.

Chimene chimawononga ndi khalidwe la maere enieni: amaunjikana. Tengani mzere wa manambala kuyambira 0 mpaka 1, muudule zidutswa 10 zofanana, kenako mutole manambala 10 mwamaere. Ambiri amayembekezera kuti chidutswa chilichonse chilandira imodzi, kapena pafupifupi choncho. Masamu akukana. Mwayi woti zidutswa zonse 10 zilandire imodzi imodzi sufika ngakhale 4 pa 10,000. Ndipo chidutswa chimene mwaikapo mtima, tinene chakumapeto kumene kuli mvula yoopsa, chili ndi mwayi wa 35 pa 100 wotsala chopanda kanthu. Maola 60 apita, koma mvula imene mumaiopayo simunaiyese n'komwe.

Kudula zigawo

Mankhwala ake ndi akale kuposa kompyuta. Ochita kafukufuku wa anthu anaona kuti ndi bwino kuyamba mwagawa anthu m'magulu, n'kuchita maere mkati mwa gulu lililonse, kuti pasapezeke gulu losiyidwa. Jerzy Neyman ndiye anaika maziko a masamu ake mu 1934. Cholowetsa, ndiye kuti chinthu chimene mumapatsa modelo nambala yake monga mvula, chikakhala chimodzi, ntchito ndi yophweka: dulani zigawo 10, tolani nambala imodzi m'chigawo chilichonse, basi. Koma zolowetsa zikakhala 20, chilichonse n'kudulidwa pakhumi, tizipinda toti mudzaze timakhala 1 wotsatiridwa ndi maziro 20. Palibe kompyuta imene ingamalize.

Mu 1979 Michael McKay, Richard Beckman ndi William Conover anafalitsa njira yozemba vutoli m'magazini ya Technometrics. Anati tileke kudzaza tizipinda tonse. Chofunika n'chakuti mukayang'ana cholowetsa chilichonse pachokha, chigawo chake chilichonse chikhale chalandira nambala imodzi ndendende. Amene anasewerapo Sudoku akulidziwa kale lamuloli: nambala iliyonse ioneke kamodzi mumzere uliwonse wopingasa, kamodzinso mumzere uliwonse wotsika. Tebulo lotere limatchedwa Latin square, ndipo mukalifutukulira ku zolowetsa zambiri mwafika pa Latin hypercube sampling, imene ambiri amangoti LHS. Ubwino wake ndi woti maulendo 100 amakwanira kudula cholowetsa chilichonse zigawo 100, kaya zolowetsazo ndi ziwiri kaya ndi 50.

Tiyeni tichite ndi manja, ndi maulendo asanu okha komanso zolowetsa ziwiri. Choyamba ndi chinyontho cha nthaka. Tinene kuti chikhoza kukhala paliponse pakati pa 10 ndi 60 peresenti, mwayi wofanana. Zigawo zake ndi 10 mpaka 20, 20 mpaka 30, kupitirira choncho mpaka 60. Tachita maere m'chigawo chilichonse ndipo tapeza 14, 27, 33, 48 ndi 52.

Mvula khalidwe lake ndi lina. Masiku ambiri imangowaza, masiku ochepa imakhuthuka. Tiipatse kagawidwe kotchedwa exponential, avareji yake mamilimita 30. Apa mpamene ambiri amasokonezeka: zigawo ziyenera kufanana mwayi, osati kutalika. Chilichonse mwa zisanuzo chinyamule masiku 20 pa 100 alionse. Malire ake ndiye amakhala pa mamilimita 6.7, 15.3, 27.5 ndi 48.3. Chigawo choyamba ndi chachifupi kwambiri, pamene chomaliza chimayambira pa 48.3 n'kupita kosalekeza. Pulogalamu siivutika kufunafuna malirewa. Imadula mzere wa mwayi, wa 0 mpaka 1, zidutswa zisanu zofanana, n'kutola nambala m'chilichonse, tinene 0.11, 0.33, 0.52, 0.70 ndi 0.93. Kenako imafunsa kuti ndi mvula yochuluka bwanji imene masiku 11 pa 100 amakhala pansi pake, masiku 33 pa 100, ndi ena otsalawo. Mayankho ndi mamilimita 3.5, 12.0, 22.0, 36.1 ndi 79.8. Fomula yoyankha funso limeneli ndi imene mu SciPy, phukusi la masamu la chilankhulo cha kompyuta cha Python, amaitchula ppf, ndipo m'chilankhulo cha R ndi ija yoyamba ndi q, monga qexp kapena qnorm. Kagawidwe kalikonse kamene kali ndi fomula imeneyi kakhoza kulowa mu LHS.

Phindu lake limakula motani? Michael Stein anayankha mu 1987. Yankho la modelo lili ndi mbali ziwiri: imene imachokera ku cholowetsa chilichonse pachokha, ndi imene imabwera zolowetsa zikakumana. LHS imafafaniza pafupifupi kuphonya konse kwa mbali yoyambayo, koma yachiwiriyo siikhudza kwenikweni. Choncho modelo imene zolowetsa zake zimangowonkhetsana imapindula kwadzaoneni, pamene imene zonse zimadalira kukumana kwa zinthu zitatu kapena zinayi imapindula pang'ono. Art Owen anaonetsa mu 1997 kuti ngakhale zinthu zitavuta chotani, LHS ya maulendo 100 singaipe kuposa maere wamba a maulendo 99. Mwina n'chifukwa chake anthu amaigwiritsa ntchito osaganiza kawiri: kutaya kwake n'kochepa zedi.

Nambala iti ikumane ndi iti

Tsopano tili ndi mindandanda iwiri, wa mvula ndi wa chinyontho, koma modelo imafuna nambala imodzi ya mvula ndi imodzi ya chinyontho pa ulendo uliwonse. Njira zozilumikizira awiriawiri zilipo 120. Njira yoyambirira ya mu 1979 inali kungosakaniza mwamaere. Mwina mupeza izi: mvula ya 3.5 pa chinyontho cha 48, ya 12.0 pa 14, ya 22.0 pa 52, ya 36.1 pa 27, ndipo ya 79.8 pa 33. Mvula yamphamvu yagwera nthaka youma ndithu, nthakayo yamwa madzi ambiri, mtsinje sunasefukire.

Nanga ngati m'dera limene mukuwerengeralo mvula yamphamvu imakonda kubwera mkati mwa sabata yamvula, nthaka itakhuta kale? Ndiye kulumikiza koyenera kukufanana ndi uku: 3.5 pa 27, 12.0 pa 14, 22.0 pa 33, 36.1 pa 52, ndi 79.8 pa 48. Onani kuti manambala ndi omwe aja, onse khumi. Avareji ya mvula sinasinthe, zigawo zonse zikadali zodzaza. Chasintha ndi kasanjidwe kokha, koma mtsinje wa ulendo wachisanuwo tsopano ndi wina.

Muyeso wa kuyenderana kotereku anaupereka Charles Spearman mu 1904. Simuyang'ana manambala enieniwo koma malo awo mukawasanja kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Muyesowo umayambira pa -1, pamene china chikakwera chinzake chimatsika nthawi zonse, kudutsa pa ziro, mpaka pa 1. Kulumikiza kwathu koyamba kuja kumapereka -0.1, kwachiwiriku 0.8.

Ngakhale zolowetsa zanu zitakhala zosayenderana n'komwe, kusakaniza mwamaere kumabweretsa ubale wongopeka. Pa maulendo 10, si zachilendo kupeza 0.3 kapena kuposerapo pakati pa zinthu ziwiri zimene sizidziwana. Pa maulendo 100 ubale wongopekawo umasewera chapafupi ndi 0.1, koma zolowetsa 20 zimapanga mapeya 190, ndiye mwa mapeya onsewo ena adzadutsa 0.2 mosakayikira. Munthu wofufuza kuti ndi cholowetsa chiti chimene chikulamulira yankho akhoza kuloza chosalakwa, chifukwa choti chinangoyenda limodzi ndi cholakwacho mwangozi. Choncho kulumikiza kumafunika kukuwongolera ngakhale pamene mukufuna ziro.

Mu 1982 Ronald Iman wa ku Sandia National Laboratories, malo a kafukufuku a ku United States, ndi Conover yemwe uja anafalitsa njira imene mapulogalamu ambiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Nzeru yake ndi yoti manambala anu musawakhudze. Pangani manambala ena ongothandizira amene ndi osavuta kuwapatsa ubale, apatseni ubale mukufunawo, kenako mukopere kasanjidwe kawo kokha.

Manambala othandizirawo amachokera ku kagawidwe ka normal, kamene manambala ambiri amaunjikana pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri. Iman ndi Conover anagwiritsa ntchito amene amadziwika ndi dzina la van der Waerden, ndipo pa maulendo asanu ndi awa: -0.97, -0.43, 0, 0.43, 0.97. Mndandanda woyamba, woimira mvula, tiusiye mmene ulili. Wachiwiri tiusakanize ukhale 0.43, -0.97, 0, 0.97, -0.43. Iwiriyi ilibe ubale. Mukachulukitsa awiriawiri n'kuwonkhetsa mupeza ziro. Ife tikufuna 0.8. Ndiye pangani mndandanda wachitatu: nambala iliyonse ya woyamba muichulukitse ndi 0.8, ya wachiwiri ndi 0.6, muwonkhetse. 0.6 ameneyu sanachokere m'mutu. 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8, kuwonjezera 0.6 kuchulukitsa ndi 0.6, yankho ndi 1, ndipo zimenezi zimasunga kumwazika kwa manambala mmene kunalili. Mndandanda wachitatuwo ukutuluka -0.52, -0.93, 0, 0.93, 0.52. Malo ake mukausanja ndi 2, 1, 3, 5, 4.

Manambala othandizira aja ntchito yawo yatha, atayeni. Musunge malo okhawo. Ulendo woyamba utenge chinyontho chachiwiri kuchokera pansi, chomwe ndi 27. Wachiwiri utenge chochepetsetsa, 14. Wachitatu 33, wachinayi 52, wachisanu 48. Kumeneku ndi kulumikiza kuja tinakuona pamwambapa, kwa 0.8.

Zolowetsa zikachuluka, mumapatsa pulogalamu tebulo la ubale wa peya iliyonse, ndipo manambala ochulukitsira, anzake a 0.8 ndi 0.6, amapezeka pophwanya tebulolo ndi njira ya Cholesky. André-Louis Cholesky anali msilikali wa ku France wogwira ntchito yoyeza malo ndi kujambula mapu. Anafera kunkhondo mu 1918, ndipo njira yake inafalitsidwa ndi msilikali mnzake mu 1924, iye atapita kale. Pali sitepe inanso imene chitsanzo chathu chadumpha. Mndandanda wachiwiri uja unasankhidwa dala kuti usakhale ndi ubale ndi woyamba. Pulogalamu singadalire mwayi wotere, ndiye imayamba yayeza ubale wongopeka umene kusakaniza kwabweretsa, n'kuuchotsa, isanaike umene mwapempha. Sitepe imeneyi imatheka pokhapokha maulendo akaposa chiwerengero cha zolowetsa, n'chifukwa chake mapulogalamu ena amakana mukapempha maulendo 15 pa zolowetsa 20.

Wina angafunse kuti bwanji osagwiritsa ntchito muyeso wodziwika kwambiri wa Pearson, umene umayang'ana manambala enieniwo osati malo awo. Yankho ndi lakuti wa Pearson umadalira maonekedwe a kagawidwe. Tengani zolowetsa ziwiri za kagawidwe ka lognormal, kopendekera mbali imodzi ngati ka mvula kaja, zonse za sigma 1, nambala yonena kumwazika kwake. Ngakhale mutazisanja mosemphana kotheratu, yaikulu kwambiri pa yaing'ono kwambiri, muyeso wa Pearson sungatsike kupitirira -0.37. Munthu wopempha -0.6 akupempha chinthu chimene kulibe. Malo pamndandanda alibe vuto limeneli: nambala yachitatu kuchokera pansi imakhalabe yachitatu, kaya mwaisandutsa mamilimita a mvula kaya maperesenti.

Mapulogalamu ake

Pulogalamu yodziwika yoyambirira inachokera ku Sandia komweko. Mu 1984 Iman ndi Michael Shortencarier anatulutsa pulogalamu ya FORTRAN 77 yochita zonse ziwiri, kudula zigawo ndi kulumikiza mowongolera. Ntchito zimene zinaikulitsa zinali za nyukiliya. Bungwe loyang'anira za nyukiliya ku United States la Nuclear Regulatory Commission linagwiritsa ntchito LHS pa kafukufuku wa NUREG-1150 wa mu 1990, woyeza kuopsa kwa ngozi pa malo asanu opangira magetsi a nyukiliya. Inagwiranso ntchito powerengera za Waste Isolation Pilot Plant, manda a zinyalala za nyukiliya okumbidwa m'miyala ya mchere pafupi ndi Carlsbad ku New Mexico, kumene lamulo linkafuna umboni wa zaka 10,000 za m'tsogolo. Malowa anayamba kulandira zinyalala mu 1999. Pulogalamu ya LHS ya ku Sandia ikadalipo mkati mwa pulogalamu ina yotchedwa Dakota, imene aliyense akhoza kuitenga mwaulere.

Ogwira ntchito mu Excel amakumana nayo kudzera mu @RISK kapena Crystal Ball. MATLAB ili ndi lhsdesign ndi lhsnorm. Mu R muli phukusi la lhs, ndipo phukusi la mc2d lili ndi cornode, yomwe ndi njira ya Iman ndi Conover. Mu Python, SciPy inawonjezera LatinHypercube mu 2021, pa mtundu wa 1.7. Koma ya SciPy imangokupatsani manambala a pakati pa 0 ndi 1. Kuwasandutsa mvula ndi chinyontho, komanso kuwapatsa ubale, ndi ntchito yanu.

Apa pali msampha umene ndimauona kawirikawiri m'makhodi a anthu odzilembera okha. Munthu atenga manambala a LHS, awasandutsa a normal, awachulukitsa ndi Cholesky, kenako manambala otulukawo awasandutsa mwachindunji kukhala mvula ndi chinyontho. Ubale umatuluka bwinobwino, ndiye iye amakhutira. Koma zigawo zaphwasuka. Cholowetsa choyamba chokha ndicho chimasunga zigawo zake. Zotsatirazo ndi msakanizo wa manambala awiri kapena kuposa, ndiye ena amagwera chigawo chimodzi, zigawo zina n'kutsala zopanda kanthu. Mwalipira LHS koma mwalandira chinthu chapakati pa LHS ndi maere wamba. Kuyeza kwake n'kosavuta: bwezerani mndandanda uliwonse pa mzere wa 0 mpaka 1, muwerenge kuti chigawo chilichonse chalandira manambala angati. Paliponse payenera kukhala 1.

Msampha wina ndi waung'ono koma ulipo. Ubale umene mumaika pa manambala a normal ndi wa Pearson, pamene umene umatsalira mukakopera malo ndi wa Spearman, ndipo iwiriyi siifanana ndendende. Mukalemba 0.5, pa maulendo ambiri mupeza pafupifupi 0.48. Kuti mupeze 0.5 weniweni muyenera kulowetsa 0.518. Mapulogalamu ena amakonza okha, ena ayi. Kunena zoona, munthu amene 0.5 wake anangomuganizira pamsonkhano asataye tulo ndi kusiyana kwa 0.02.

Msampha waukulu ndi tebulo losatheka. Akatswiri atatu akhala pansi. Woyamba akuti A ndi B zimayenderana pa 0.9. Wachiwiri akuti B ndi C nazonso ndi 0.9. Wachitatu akuti A ndi C sizidziwana, lembani ziro. Aliyense payekha akumveka wanzeru, koma zitatuzi sizingakhalire limodzi. Ngati A imatsatira B kwambiri chotero, ndipo C nayonso imatsatira B, ubale wa A ndi C sungatsike kupitirira 0.62. Tebulo lotere Cholesky imalikana, ndipo pulogalamu imalemba kuti si positive definite. Mapulogalamu ena amaima pomwepo. Ena amalikonza okha, n'kufunafuna tebulo lotheka loyandikana ndi lanu. Nicholas Higham wa ku Manchester anapereka njira yodziwika yochitira zimenezi mu 2002. Ine ndimakonda pulogalamu yokana. Yokonza mwakachetechete imasintha manambala atatu onsewo, ndipo lipoti limatuluka ndi ubale umene palibe katswiri aliyense mwa atatu aja anauvomereza. Tebulo losatheka limasonyeza kuti anthu sanagwirizane, ndipo oyenera kuthetsa nkhaniyo ndi iwowo.

Pali zinthu ziwiri zimene LHS imakulandani. Choyamba ndi njira yapafupi yodziwira kuti yankho lanu laphonya motani. Fomula ya masiku onse imafuna kuti maulendo akhale osadalirana, pamene a LHS amadalirana: chigawo chikatengedwa ndi ulendo wina, enawo sangachitengenso. Fomulayo nthawi zambiri imakuuzani kuphonya kokulirapo kuposa kwenikweni. Njira yolongosoka ndi kubwereza LHS yonse kangapo, ulendo uliwonse ndi seed ina, ndiye kuti nambala yoyambira maere a kompyuta, n'kuyerekeza mayankho. Owerengera za ku Carlsbad mu 1996 anachita choncho: magulu atatu a maulendo 100. Seed iliyonse ilembedwe mu lipoti, pamodzi ndi dzina ndi mtundu wa pulogalamu, chifukwa R imapanga maere ndi njira ya Mersenne Twister pamene default_rng ya NumPy, mu Python, imagwiritsa ntchito ya PCG64, ndipo seed yofanana siipereka manambala ofanana.

Chachiwiri ndi ufulu wowonjezera maulendo. Pa maere wamba, mukaona kuti maulendo 100 achepa mumangowonjezera 20. Pa LHS, 100 kuwonjezera 20 si LHS ya 120, chifukwa malire a zigawo asuntha. Chotheka ndi kuwirikiza: chigawo chilichonse muchidule pakati, theka limodzi lili kale ndi nambala, mudzaze linalo. Dakota imatha kuchita zimenezi.

Zimene nambala imodzi siinena

Tibwerere ku 0.8 ndi 0.6. Pamene tinasakaniza manambala a normal, tinasankha chinthu china osazindikira. Sitinangosankha kukula kwa ubale, tinasankhanso maonekedwe ake. Abe Sklar anaonetsa mu 1959 kuti kagawidwe kalikonse ka zinthu zingapo kakhoza kupatulidwa pawiri: kagawidwe ka chinthu chilichonse pachokha, ndi chomangira chimene chimanena mmene malo awo amayendera limodzi. Chomangira chimenechi amachitchula copula. Njira ya Iman ndi Conover, pa maulendo ambiri, imakupatsani copula ya Gauss. Alipo macopula ena ambirimbiri amene muyeso wawo wa ubale ndi womwewo koma khalidwe ndi lina.

Copula ya Gauss ili ndi khalidwe loti mukamapita kumapeto kwenikweni, zinthu ziwirizo zimayamba kutayana. Tinene ubale ndi 0.5. Pa tsiku limene mvula yafika pa mlingo wobwera kamodzi pa masiku 100, mwayi woti chinyontho nachonso chili pa mlingo wake wotere ndi pafupifupi 13 pa 100. Pa mlingo wa kamodzi pa masiku 1,000, mwayiwo umatsikira pa 5 pa 100, ndipo umapitirira kutsika mpaka kuzimiririka. Tsopano tengani copula ina yotchedwa t, ya madigiri 4 (nambala yonena mphamvu ya ubale wa kumapeto), ubale womwewo wa 0.5. Muyeso wa Kendall, womwe nawonso umayang'ana malo, umapereka 1/3 pa onse awiri. Mukajambula madontho 100 a iliyonse, diso silingasiyanitse kwenikweni. Koma ya t imapereka 29 pa 100 pa mlingo woyamba uja ndi 26 pa 100 pa wachiwiri, ndipo siitsika kupitirira 25 ngakhale mupite kutali bwanji. Kwa womanga khoma loteteza madzi, kusiyana kwa 5 ndi 26 ndiye nkhani yonse, popeza khoma siligwa pa tsiku wamba.

A zachuma analiphunzira phunziro limeneli mowawa. Mu 2000 David Li anafalitsa njira yogwiritsa ntchito copula ya Gauss powerengera mwayi woti ngongole zambiri zilephere kubwezedwa nthawi imodzi, ndipo mabanki anaitengera poika mitengo ya mapepala a ngongole otchedwa CDO. Chuma chitagwa mu 2008 ngongole zinalephera pamodzi mochuluka kuposa mmene mamodelo ankanenera. Zifukwa za kugwako zinali zambiri, ndipo si chilungamo kusenzetsa fomula imodzi mlandu wonse, koma mbali imeneyi inali yodziwika kwa akatswiri a masamu kale ngoziyo isanachitike.

Kusintha copula si kovuta, ndipo zigawo simuzitaya. M'malo mosakaniza manambala a normal, tolani manambala othandizira kuchokera ku copula imene mwasankha, mutenge malo awo, musanje mindandanda yanu ya LHS motsatira malowo monga tinachitira ndi 2, 1, 3, 5, 4. Pulogalamu ya OpenTURNS, imene anayambitsa ndi makampani angapo kuphatikizapo kampani ya magetsi ya ku France ya EDF, ili ndi macopula angapo oti musankhepo, monga a Clayton, Gumbel ndi Frank, ndipo R ili ndi phukusi lonse lotchedwa copula. Muyeneranso kukumbukira kuti LHS ya maulendo 100 imangotsimikiza nambala imodzi m'chigawo chapamwamba cha 1 pa 100, pa cholowetsa chilichonse pachokha. Siilonjeza kuti zigawo ziwiri zapamwambazo zikumana pa ulendo umodzi. Wofuna kuona ngodya imeneyo afunika maulendo ochuluka kwambiri, kapena njira zina zokankhira maere dala kumene kuli ngozi, monga importance sampling.

Chovuta chenicheni ndi kudziwa copula yoyenera. Tinene muli ndi kaundula wa tsiku ndi tsiku wa zaka 50, womwe ndi wautali ndithu pa nkhani za mitsinje. Amenewo ndi masiku 18,250. Masiku amene mvula inafika pa mlingo wa kamodzi pa 1,000 alipo pafupifupi 18. Ngati copula ya Gauss ili yolondola, mwa masiku 18 amenewo muyembekezera limodzi lokha lokhala ndi nthaka yokhuta pa mlingo womwewo. Ngati yolondola ndi ya t, muyembekezera asanu. Mutsegula kaundula uja, muwerenga, mupeza atatu. Akatswiri osamala akafika pamenepa amayendetsa modelo kawiri, ndi copula iliyonse, n'kupereka mayankho onse awiri kwa amene asaine mapulani a khomalo.